Buku la Mzungu Wandevu ndi Nyumba ya Mlongo Wanga

Pali munthu amene ndimakwiya naye ngakhale sindinamuonepo, ndipo sindidzamuona, chifukwa anamwalira agogo anga asanabadwe. Mzungu wa ku Amereka, wandevu zofika pachifuwa, kolala youma ngati katoni. Ndinakumana naye pachikuto cha buku.

Ine ntchito yanga ndi ya mapepala. Ndili ndi kantemba pamsika wina m'komboni ya Kanyama, pomwe ndimagulitsa mabuku akale, komanso nyuzipepala zakale zimene azimayi amakulungira vitumbuwa ndi tinsomba ta kapenta. Mabuku ndimaoda ku Kamwala m'makatoni omata, monga momwe anzanga amaodera mabelo a salaula, zovala zakale zija: za m'kati umazidziwa utalipira kale. Mwina upeza mabuku a sukulu, amene amatha sabata isanathe. Mwina upeza buku lophunzitsa kusamala maluwa m'nyengo ya chipale chofewa. Kuno ku Kanyama.

Buku la mzunguyo linabwera m'katoni yotero. Palibe analifuna. Linakhala pathebulo mpaka dzuwa linayamba kudya chikuto, ndipo masiku amene malonda anali ozizira ndinaliwerenga ndi Chingerezi changa chotsimphina. Linali mbiri ya moyo wake. Anakhalako m'zaka za m'ma 1800. Anabadwira pafamu yosauka, anathawa khasu nakalowa ntchito kwa wosindikiza, kumasanja zilembo zachitsulo chimodzichimodzi mpaka zala kuda bii. Atakula anagula makinawo nayambitsa nyuzipepala ya tauni yake, mkonzi iye mwini. Kenako anthu anamusankha kukakhala m'nyumba ya malamulo ya chigawo chawo, pakuti kumeneko chigawo chilichonse chili ndi nyumba yakeyake ya malamulo. Nyuzi sanaisiye. M'mawa ankapanga lamulo, madzulo n'kulemba kuti lamulolo ndi labwino. Anamenyera kuti njanji idutse m'tauni yake, inadutsadi, ndipo tsiku la maliro ake masitolo onse anatseka.

Ndinamukonda, ndisaname. Ndinati wamalonda weniweni ndi uyu: wogulitsa ndi iye, wochemerera katundu ndi iye, sikelo ndi yakenso.

Moyang'anana ndi msika wathu kunali kashopu ka munthu wina wosindikiza makadi a ukwati ndi mapulogalamu a maliro. Munthu woonda, wa tayi, wolankhula mofatsa ngati akupepesa. Tsiku lina anabwera kudzafuna dikishonale, ndipo tinalimbana pa mtengo monga mwa mwambo.

Mwambowo ndiufotokoze, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Wogulitsa amayambira kumwamba, wogula pansi. Wogula akaona kuti zalimba, amabweza katundu pathebulo, amati "basi, siyani," n'kuyamba kuyenda. Sayenda msanga, sacheukanso. Wogulitsa amamuleka apite pang'ono, kenako amakuwa kuti, "Bwelani, bosi, tikambe." Aliyense amadziwa kuti mnzake akunamizira, ndipo palibe amachita manyazi. Ine ndakulira m'menemo. Ndachokapo pa nsapato, pa malata, pa wailesi. Ngakhale pokambirana malowolo a mkazi wanga ndinaimirira n'kutola chipewa, amalume akundikoka jekete ndi kunditukwana chamumtima. Nthawi zonse ndinkaitanidwa.

Wosindikiza uja anachoka, ndinamuitana, tinagwirizana. Atalipira anati, "Nanga mbasela?" Kutanthauza kaja kamene wogulitsa amaonjezerapo kaulere. Ndinayang'ana pathebulo, ndinaona ndevu zija.

"Tengani iyi, bosi. Uyu mudala anayamba monga imwe, na inki ku manja. Anathela mu nyumba ya malamulo, na nyuzi yake pamwamba. Mukabelenge, mwina mungatengeko nzelu."

Ine ndinkangofuna malo pathebulo.

Anawerengadi. Pasanapite nthawi anayamba kutulutsa kanyuzi ka komboni, masamba ochepa opinda pakati: maliro, mpira, mtengo wa makala, mbuzi yosochera. Tinkakakonda. Nyuzi zazikulu za m'tauni zimatikumbukira kolera ikabuka basi, koma aka kankalemba mayina athu. Munthu akaona dzina la mwana wake amene wakhoza mayeso ankagula awiri, kena kokasunga m'sutikesi. Chisankho chitayandikira, nkhope ya mkonzi inayamba kutuluka patsamba loyamba kope lililonse, ndipo tinamuvotera kukhala khansala. Ine ndinalawirira kukavota, n'kumauza anthu pamzere kuti munthuyu ndinamupanga ndine. Tayi inasanduka suti, kashopu kanasanduka ofesi, ndipo kumunsi kwa msewu wathu kunamera bala yaikulu ya mpanda wa mabuloko. Inalembedwa m'dzina la mlamu wake, koma ngakhale agalu ankadziwa mwini wake.

Pamsewu womwewo, chakumtunda kwa bala, panali nyumba ya mlongo wanga wamkulu, amene anandilera amayi atamwalira. Mwamuna wake anatisiya makoma ali pa mawindo. Anaimaliza yekha ndi malonda a kapenta ndi tomato: mabuloko mwezi uno, thumba la simenti mwezi wamawa, malata pang'onopang'ono, kwinaku akugona mbali imene yafoleredwa kale. Zipinda zogona kumbuyo, ndi china kutsogolo chimene ankachititsa lendi. Pakhomo anabzala mango pamalo amene anachita kuswa mwala ndi chitsulo kuti mizu ipeze polowa.

Kanyama ndi mwala wofunda dothi pang'ono. Madzi a mvula salowa pansi, amafuna njira. Njira yawo kuyambira kale inali kangalande kodutsa pambali pa nyumba ya mlongo wanga, kutsikira kumunsi. Mpanda wa bala unamangidwa pamwamba pa kangalandeko, ndendende. Dzinja lotsatira madzi anafika pampanda nabwerera. Analowa m'nyumba, analowa m'zimbudzi, natulutsa zonse zimene tinkayesa kuti tinatsanzikana nazo. Tinkayenda pamiyala ndi pamatayala, nsapato m'manja. Ana anatsegula m'mimba. Anthu anakwiya, ndipo mkwiyo unkafuna potera.

Kanyuzi kanaupezera potera. Patsamba loyamba panatuluka chithunzi cha nyumba ya mlongo wanga, madzi ali m'mawondo, mango akuoneka bwinobwino, pamwamba pali mawu aakulu onena kuti nyumba zomangidwa panjira ya madzi ndizo zikumiza komboni. Wojambulayo anaima atafulatira bala. Nkhaniyo inati komiti ya chitukuko, imene wapampando wake anali khansala, yagamula kuti nyumbayo ichoke, padutse ngalande yatsopano. Khansala anayamikiridwa chifukwa cha kulimba mtima. Womuyamikira anali mkonzi. Mkonziyo anali khansala.

Chimene chimandiotcha mpaka lero si bodzalo. Bodza ndimalidziwa, ndagulitsapo buku lopanda masamba otsiriza n'kunena kuti wolemba anafuna kuti owerenga aganize okha. Chimandiotcha n'chakuti anthu amene anaona mpanda ukumangidwa ndi maso awo, ena mwa iwo atanyamulako mabuloko ake pamutu, anayamba kunena pampopi kuti, "Vinalembewa mu nyuzi." Ngati kuti inki imatsika kumwamba. Ine amene ndimagulitsa nyuzi pasikelo ndimadziwa kulemera kwake kwenikweni. Patapita masiku, pakhoma la mlongo wanga panapakidwa mtanda wa penti yofiira.

Mlongo wanga anabwera pakantemba atamanga chitenge cholimba m'chiuno ngati wopita kumaliro.

"Iwe, si ndiwe unali kuzitama ati unamupanga? Yenda manje ukamuuze."

"Ba sisi, osada nkhawa. Uja nimuziba. Nizakamba naye."

"Osakamba monga uli pa msika. Ni nyumba iyi, si nsapato."

"Vonse ni vimozi, ba sisi. Kulibe chinthu chilibe mtengo wa pakati."

Anandiyang'ana monga ankandiyang'anira ndili mwana ndikabwera ndi chenje chosakwana. Analibe wina womutuma.

Ku ofesi anandisiya pabenchi mpaka msana unayamba kulankhula. Nditalowa, chinthu choyamba kuona chinali ndevu. Khansala anadula chikuto cha buku lija, nachiika m'galasi, nachipachika kumbuyo kwa mpando wake. Khansala anali atanenepa, tayi inkaoneka yaifupi. Anandilandira ndi manja awiri, naitanitsa dilinki yozizira.

"Mwamuona mudala wanu?" anatero, akuloza khoma. "Nimamupatsa moni m'mawa mulimonse."

Ndinayambira kumwamba, monga munthu wodziwa ntchito yake.

"Ba khansala, mulembe pa peji yoyamba kuti munanama. Mupepese ba sisi. Na uja mpanda wa bala yanu ugwe."

Anaseka mofatsa. "Bala si yanga, bosi. Ni ya mulamu."

"Na iyi mimba ni ya mulamu?"

Anasekanso, koma maso sanaseke nawo. Anatseka chitseko, nakhala pangodya ya thebulo.

"Mvelani. Chifukwa ni imwe. Tizagwetsa chabe chipinda cha kutsogolo, ngalande ipite apo. Va kumbuyo vikhale. Bantu bafuna kuona chinthu chagwa, mubaziba bantu. Chikagwa, bazakhala zii."

Zinthu ziwiri zinachitika mwa ine nthawi imodzi. Magazi anawira, chifukwa munthuyu sanakane n'komwe kuti nyumba ilibe mlandu, ankangofuna chinthu choti chigwe. Koma wamalonda wa mwa ine anavina. Munthu wotsika msanga chonchi amakhala ali ndi pena potsikira. Ndinaona kale pothera: khonde lokha, mwina mango okha.

"Lasiti yanu ni iyo?"

"Ni iyo."

"Basi, siyani. Tizaonana kwinangu."

Ndinasiya dilinki pakati, ndinatola chipewa, ndinayamba kuyenda. Osati msanga, osacheuka. Pakhomo ndinawerama kumanga chingwe cha nsapato chimene sichinamasuke. Pakhonde ndinapereka moni wautali kwa mlonda, kumufunsa za ana amene sindinkadziwa ngati ali nawo. Ndinafika pamsewu makutu ali kumbuyo ngati a bulu. Chimene ndinamva ndi makina osindikiza okha, akutafuna mapepala.

Mlongo wanga ndinamuuza zonse, osabisa. Anapitiriza kusankha timiyala mu kapenta.

"Chipinda chimozi," anatero. "Ndipo iwe unanyamuka."

"Bazatiitana, ba sisi. Ni mwamene vimayendela."

"Ndani anakuuza ati uja akali wa pa msika? Bwelela."

Wamalonda aliyense amadziwa kuti wobwerera yekha, osaitanidwa, amalipira mtengo woyamba. Ndinabwererabe. Anati khansala ali kumsonkhano m'tauni. Mawa lake anati ali kumaliro. Tsiku lina ndinamuona ndi maso anga pawindo, akudya, mlonda akundiuza kuti apita ku Matero. Ndinakwera minibasi kupita ku nyuzi ina yaikulu m'tauni, ndi zithunzi za mpanda mufoni. Mtolankhani amene ndinamupeza anandimvetsera theka, diso lili pa foni yake.

"Kuli wamene wafa?"

"Kulibe."

"Mukatitumile foni vikafika poipa."

Buludoza inabwera m'mawa, dzuwa litangotuluka, pamodzi ndi anyamata a khansala ndi wojambula yemwe uja. Anansi ena anakwera padenga kuthandiza kuzula malata, ena anangoima manja m'khwapa, ndipo ena, ndimawadziwa mayina, anaomba m'manja. Mlongo wanga ankatulutsa katundu mwadongosolo ngati akusamuka mwa kufuna kwake: matiresi, mbaula, mapoto, chithunzi cha malemu mwamuna wake. Khansala anafika ndi magambuti atsopano, osadetsedwa, ndi chisoti chachikasu cha amisiri.

Ine, amene sindinathamangirepo wogulitsa chibadwire, ndinathamanga m'matope pamaso pa komboni yonse.

"Ba khansala! Chipinda chimozi! Tavomela chipinda chimozi!"

Anandiyang'ana mwachifundo, mawu ake ofatsa aja a makadi a maliro.

"Uja unali mtengo wa tsiku lija, bosi."

Nyumba imene inamangidwa buloko limodzilimodzi kwa zaka inagwa tiyi asanazizire m'kapu. Mango anatsatira. Mlongo wanga sanalire. Fumbi lisanatsike anali kale m'kati mwa zigumukazo, akusankha mabuloko osasweka, akuwaunjika pambali, akukalipira aliyense wofuna kutolako.

Madzulo ake, ndili pakantemba osagulitsa kanthu, ndinakumbukira malo ena m'buku lija. Pa nkhani ya njanji panali kachiganizo kamodzi, kongodutsa, konena kuti tinyumba tina ta m'mbali mwa mtsinje tinachotsedwa. Powerenga ndinakalumpha monga mmene wolemba anakalumphira, ndikuthamangira tsiku limene sitima inafika ndi malipenga. M'tinyumbamo munkakhala ndani? Anaunjika kuti mabuloko awo, kapena matabwa awo? Buku silinanene. Likananena bwanji, pamene nyuzi ya m'tauniyo inali imodzi, ndipo mwini wake ndiye ankafuna njanji? Amene anadzalemba mbiri yake anakatunga pachitsime chomwecho. Ndiye lero ndevu zake zili m'galasi ku Kanyama, kutali ndi kwawo, zikuphunzitsabe. Mwina anali munthu wabwino kwa ana ake. Ine ndikanakumana naye ndikanamufunsa za kachiganizo kaja, nditamugwira kolala youmayo.

Anthu amandiuza kuti ndikanavomera chipinda chimodzi. Mkazi wanga amandikumbutsa tikayambana, ngakhale nkhani itakhala ya mchere. Mwina akunena zoona, ndipo ndimadziseka ndekha ndikakumbukira chingwe cha nsapato chija. Koma andiuze kaye chifukwa chimene mayi wamasiye anayenera kupereka chipinda, ngakhale buloko limodzi, kuti mpanda wa bala ukhale. Pamsika ngakhale wakuba amakuitana ukachoka, chifukwa mawa adzakufuna. Ine ndinalowa mu ofesi ija ndikuyesa kuti ndi msika, pomwe ogulitsa ndi ambiri ndipo wogula ali ndi miyendo. Mmenemo wogamula, wolengeza ndi woombera m'manja anali munthu mmodzi. Woteroyo akuitanirenji?

Ngalande yatsopano inakumbidwa, inadutsa pamene panali mango, inafika pampanda wa bala, inaima. Dzinja lotsatira madzi anafika pomwepo nabwerera, monga kale. Kanyuzi kanalemba kuti anthu a m'komboni ali ndi khalidwe loipa lotaya zinyalala paliponse.

Mlongo wanga amachita lendi chipinda chimodzi ku komboni ya George. Mabuloko amene anapulumutsa ali kuseri kwa nyumba yanga, ndere zikumera. Koma simenti ya pansi buludoza inaikanika, chifukwa inagwirana ndi mwala, ndipo m'mawa uliwonse amakwera minibasi kubwerera ku Kanyama, n'kuika thebulo lake la kapenta pasimentipo, pamene panali chipinda chake chogona. Anyamata a khansala anayesa kumuthamangitsa, iye anawafunsa ngati thebulo nalonso likutseka madzi. Anamusiya.

Tsiku lina anandiuza kuti, "Ukaona ija nyuzi ili na nyumba yanga, unigulile. Yonse."

Makope osagulidwa amathera kwa ine, chifukwa kulibe kwina kopita. Anabwera nawo mlamu wa khansala uja, mwini bala wa papepala, pawilibala. Ndinafukula mitolo ndipo ndinalipeza kope lija, mulu wonse, pakuti analisindikiza lochuluka kuti nyumba iliyonse ilione. Anatchula mtengo wamisala, wa munthu woyembekezera nkhondo, phazi limodzi litaloza kale kunjira. Ndinalowetsa dzanja m'thumba n'kumupatsa.

Anayang'ana ndalamazo, nayang'ana ine.

"Simuchosako?"

"Awe."

"Mudala, mwadwala?"

"Tula apo, uyende."

Anzanga a pamsika amandiseka nazo mpaka pano. Amati tsiku limenelo anayembekezera kuti dzuwa lilowera kum'mawa.

Mlongo wanga amang'amba tsamba loyamba lokha, otsalawo amandibwezera. Amakulunga kapenta chithunzi chili kunja: nyumba ili chiimire, madzi m'mawondo, mango pakhomo. Palibenso chithunzi china cha nyumbayo padziko, sanaganizepo zoijambulitsa. Wogula akalandira phukusi, amamugwira dzanja pang'ono, n'kuloza ndi chibwano kumunsi kwa msewu.

"Wojambula anaimilila apo. Manje imwe tembenukani."

Ena amatembenuka n'kuona mpanda wa bala. Ena amayang'ana pansi, n'kufunsa mbasela. Sapereka.